Chevelle ya 1970 yosinthidwa injini: ndiike mtengo wanji?

Bambo a Tadala (Indiana):
Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo milungu itatu tsopano. Ambiri mukuidziwa galimoto yanga ya Chevrolet Chevelle ya 1970, yofiira ija ndinkaponya zithunzi zake pano chaka chatha. Ndaganiza zoigulitsa. Nyumba yomwe tikumanga ku Lilongwe yaima pa lintala, ndipo ine ndi mayi a kunyumba tagwirizana kuti denga likwere chaka chino.

Ndinaigula mu 2016 pa madola 14,000. Inali Malibu, mtundu wamba wa Chevelle, ya injini ya 307 ndi giya ya otomatiki, ikuyenda koma yotopa. Ndinachotsa injini ija n'kuika LS3 yatsopano, injini yamakono ya Chevrolet ya malita 6.2, ya 430 horsepower. Giya bokosi ndi Tremec T-56 Magnum ya magiya 6. Mabuleki ndi a Wilwood, a disiki mawilo onse. Boneti ndi ya cowl induction, ndinaika mizere yakuda ndi mabaji a SS (Super Sport, Chevelle yodula ya injini yaikulu), penti ndi ya 2018, malimu a mainchesi 18. Malisiti onse ali m'faelo, akukwana madola 41,000. Kuphatikiza ndi yogulira ija ndi 55,000. Ntchito yambiri ndinagwira ndi manja angawa, pafupifupi Loweruka lililonse kwa zaka 7, ndiye ndinati thukuta langa nalonso lilowe. Ndaiika pa Facebook Marketplace pa 78,000, ndipo ndalemba kuti "1970 Chevelle SS".

Milungu itatu yatha. Amene alemba ndi ofuna kusinthanitsa ndi njinga yamoto kapena boti, wina wanena 35,000 osaiona n'komwe, wina akuti atumiza cheke ndi munthu wodzainyamula. Kodi ndakweza kwambiri, kapena ndingodekha? Ndiuzeni zoona, sindikwiya.

Mnyamata wa ku Leeds:
Bambo, musatsitse ngakhale dola imodzi! Galimoto imeneyo ndi moto. Ndimaonera okushoni ya Barrett-Jackson ku Scottsdale Januwale aliyense, ma Chevelle a injini za LS amapita pa mitengo yoopsa, ena kudutsa 100,000. Wa 35,000 uja ndi dobadoba chabe, akufuna akaigulitsenso.

Nambewe (Indianapolis):
Choyamba achimwene, wa chekeyo musamuyankhenso. Amatumiza cheke choposa mtengo, n'kunena kuti ndalama yapamwambayo mupatse wonyamula galimoto. Banki imaonetsa ngati ndalama yalowa, pakapita masiku chekecho n'kubwerera kuti n'chabodza, inu mutatumiza kale zanu. Wogula weniweni amabwera, amaiona galimoto, ndipo mumapitira limodzi ku banki.

Phiri wa ku Dallas:
Bambo a Tadala, mwati tikuuzeni zoona, ndiye ndinena monga m'bale wanu. Ndisanatchule nambala iliyonse ndiyankheni izi. Zilembo zisanu zoyambirira za VIN, nambala ya chasisi ija, ndi ziti? Injini ya 307 ija mudakali nayo? Difu yakumbuyo ndi iti, 10-bolt kapena 12-bolt? Dashibodi ili ndi mageji ozungulira kapena sipidomita yaitali yopingasa? Penti anachita ndani, ndipo anapala mpaka pachitsulo kapena anapaka pamwamba pa yakale? Eyakoni ilipo?

Bambo a Tadala (Indiana):
Zikomo achemwali a Nambewe, ndamutseka munthuyo.

A Phiri, VIN ikuyamba ndi 13637. Injini ya 307 ndinagulitsa kalekale pamodzi ndi giya bokosi yake, malo m'galaja anali ochepa. Difu ndi yomwe inabwera nayo, 10-bolt, ndimafuna kusintha koma ndalama inathera kwina. Dashibodi ndi ya Malibu, yopingasa ija. Penti anachita munthu wina wa kashopu kakang'ono kuno, sanapale yonse. Ikuwala bwino ndithu, kungoti m'munsi mwa galasi lakumbuyo mwatuluka timatuza tiwiri titatu. Eyakoni mulibe.

Phiri wa ku Dallas:
Chabwino. Tiyambe ndi dzina, chifukwa vuto lanu lalikulu lili pamutu wa malonda anuwo, osati pa nambala.

13637 ikutanthauza Chevrolet, Malibu ya V8, ya zitseko ziwiri yopanda mzati pakati. Mu 1966 mpaka 1968 SS396 inali mtundu wakewake ndipo VIN yake inkayamba ndi 138, munthu ankangowerenga n'kudziwa. Kuyambira 1969 SS inasanduka chinthu chowonjezera pa oda, ndiye SS yeniyeni ya 1970 nayonso imayamba ndi 13637 ngati yanuyo. N'chifukwa chake ma Chevelle a 1970 ovekedwa mabaji a SS achuluka kwambiri, ndipo n'chifukwa chakenso ogula odziwa amafika atakayikira kale. Amafuna build sheet, kapepala ka ku fakitale komwe kamapezeka kuseri kwa mpando wakumbuyo, pansi pa kapeti kapena pamwamba pa thanki ya mafuta. Pamenepo amayang'ana Z25, yomwe ndi SS396, kapena Z15, yomwe ndi SS454. Amayang'ananso nambala yodindidwa kutsogolo kwa buloko ya injini ngati ikugwirizana ndi VIN. A Ford ali ndi Marti Report, a Pontiac ali ndi PHS, zotsimikizira momwe galimoto inatulukira ku fakitale, koma Chevelle yopangidwa ku America kuno ilibe ofesi yoti ikutsimikizireni, pokhapokha ikhale yopangidwa kapena kugulitsidwa ku Canada, komwe zolemba za GM zinasungidwa.

Tsono yanu inabadwa ndi 307, ndipo SS ya 1970 sinatulukepo ndi 307. Munthu wodziwa akaona chithunzi cha dashibodi yopingasa pansi pa mutu wonena kuti SS, amatseka tsambalo. SS ya chaka chimenecho ili ndi mageji ozungulira. Sakulemberani n'komwe kuti mwalakwitsa, amangopita, poganiza kuti ngati dzina silili loona ndiye zinanso zabisika. Otsala ndi aja a boti ndi njinga yamoto.

Lembani "1970 Chevelle Malibu, LS3, T-56 6-speed, SS tribute". Tribute ndiye kuti yovekedwa ngati SS koma si SS yeniyeni. Simutaya kanthu. Wofuna galimoto ya LS3 sakusaka SS yeniyeni, akusaka yoti ailize m'mawa n'kupita nayo ulendo wautali osadandaula za kabuleta.

Bambo a Tadala (Indiana):
Sindinalembe SS kuti ndinamize munthu, a Phiri. Ndimaona ena akulemba choncho ndiye ndinangotsatira. Akanandifunsa ndikanawauza.

Phiri wa ku Dallas:
Ndikudziwa, tadziwana kalekale. Koma wogula wa ku Ohio kapena ku Arizona sakukudziwani. Iye akungoona mutu ndi zithunzi.

Makaniko wa ku Biwi:
Akuluakulu ine magalimoto amenewa ndimangowaona pa foni, kuno timalimbana ndi ma Sienta ndi ma Vitz. Koma nkhani ya malisiti ndikuidziwa bwino. Munthu amabwera ndi Hilux, waika injini ina, matayala atsopano, ma shoko, n'kumati ndawonongapo mamiliyoni akutiakuti ndiye mtengo ukhale pamenepo. Wogula amangoti, kodi Hilux ya chaka chomwechi pa msika ikupita bwanji? Basi. Malisiti amathandiza kuti akukhulupirireni, koma ndalama yake sibwera yonse. Ndipo funso langa: injini ya mphamvu choncho pa difu ya injini yaing'ono, siidzathyoka?

Phiri wa ku Dallas:
Amakaniko mwalasa penipeni. Difu ya 10-bolt ya mainchesi 8.2 inapangidwira injini ngati 307 ija ya 200 horsepower. SS inkabwera ndi 12-bolt, komanso timikono takumbuyo tolimbitsidwa ndi chitsulo choletsa kupendama. Ukamayenda mofatsa 10-bolt ikhala zaka, koma ukamaiponda ndi giya ya manyuwale ndi matayala ogwira, tsiku lina imamasuka mano. Wogula aliyense wodziwa adzagwada n'kuwerenga mabawuti a pachivundikiro cha difu, akapeza 10 adzachotsa pamtengo ndalama ya 12-bolt kapena Ford 9-inch pamodzi ndi ya makaniko. Eyakoni chimodzimodzi. Kuno ku Texas, galimoto ya mtundu uwu yopanda eyakoni ya Vintage Air anthu amaiona ngati yosamaliza.

Wowongola bodi wa ku Germiston:
Ine ndilankhulepo pa timatuza tija, chifukwa ndiyo ntchito yomwe ndadya nayo nsima zaka zonsezi kuno ku Joni. Bambo a Tadala, thuza la penti silichokera pamwamba, limachokera pansi. Madzi amakhala mu ngalande ya galasi lakumbuyo, chitsulo chimadyeka mkati, dzimbiri likafufuma ndiye penti imatukuka. Chomwe mukuona ngati njere ya nyemba, mukachotsa galasi mupeza chatambalala ngati chikhatho. Ndipo kwanuko amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, wogula akangomva kuti galimoto ndi ya ku Indiana amayamba wayang'ana kunsi.

Chitani izi musanatchule mtengo wina. Tengani maginito ofooka, aja omata pa filiji, muwakulunge kansalu kuti asakande penti. Yendani nawo m'munsi mwa zitseko, kuseri kwa mawilo akutsogolo, m'mphepete mwa mawilo akumbuyo. Pomwe sakugwira pali fila. Tsegulani buti, chotsani kapeti, onani pansi pake. Kenako ikwezeni pa lifiti muone chasisi, makamaka cha kumbuyo komwe imakhota pamwamba pa difu. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ogula magalimoto akale mwambi umenewu amaudziwa ngakhale sanaumvepo m'Chichewa. Mudziwe nokha zomwe zilipo iwo asanakuuzeni, chifukwa akazipeza okha amachotsa kawiri: ya kukonza ndi ya mantha.

Kunonso tili ndi nkhani yomweyi ya mabaji. Chevrolet Firenza Can Am anapanga 100 zokha mu 1973, za injini ya 302. Ford Capri Perana ya V8 ankaipanga a Basil Green Motors. Lero munthu amatenga Firenza wamba kapena Capri wamba, n'kuikamo V8, n'kupenta mizere. Ena amapanga bwino kwambiri mwina kuposa yeniyeni, ndipo akanena chilungamo imagulidwa bwinobwino. Koma mtengo wake ndi wa galimoto yokonzedwa bwino, si wa Can Am.

Mnyamata wa ku Leeds:
Koma akuluakulu mukuigwetsa kwambiri galimotoyi. Zinthu zinasintha. Anyamata a msinkhu wanga safuna kabuleta ndi mabuleki a dilamu, tikufuna ya maonekedwe a 1970 koma yoyenda ngati ya lero. Ndaona ndi maso anga restomod, galimoto yakale yoikidwa zida zamakono, ikugulidwa kuposa yoyambirira. Bwanji ya Bambo a Tadala isakhale choncho?

Phiri wa ku Dallas:
Mphwanga, sukunama, zimachitikadi. Koma taonetsetsa magalimoto amene ukunenawo. Amakhala opangidwa ndi mashopu odziwika, bodi inachotsedwa pa chasisi, nthawi zambiri chasisi yake ndi yatsopano ya Roadster Shop kapena Art Morrison, mkati mosokedwa ndi chikopa, waya aliyense watsopano, kunsi kowala ngati pamwamba. Eni ake amakhala atawonongapo ndalama zoposa zomwe wamva pa nyundo paja, ambiri amagulitsa moluza ngakhale nambala ikumveka yaikulu. Komanso kanema amaonetsa magalimoto osankhika a madzulo a Loweruka, pomwe holo yadzaza ndi anthu a ndalama. Mazanamazana ogulitsidwa Lachiwiri masana suwaona.

SS454 yeniyeni ya injini ya LS6, ija ya 450 horsepower, yokhala ndi injini yake yobadwa nayo ndi mapepala, imeneyo ndi msika winanso, imadutsa 100,000 chifukwa zinapangidwa zosakwana 5,000 ndipo sizidzapangidwanso. LS3 aliyense angathe kuitanitsa mawa kwa Chevrolet. Ndiye pali misika itatu: ya zenizeni za mapepala, ya zopangidwa ndi mashopu akuluakulu, ndi ya zokonzedwa bwino panyumba. Ya Bambo a Tadala ili m'gulu lachitatu, ndipo si gulu lonyozeka, ogula ambiri ali momwemo.

Bambo a Tadala (Indiana):
Ndawerenga zonse kawiri. Kunena zoona zikuwawa. Pa giya bokosi ija pokha ndinatha mwezi wathunthu, chifukwa T-56 ndi yaikulu, ndinachita kudula pansi pa galimoto n'kuwotcherera chitsulo china kuti ikwane. Waya wa kompyuta ya injini ndinalumikiza ndekha usiku, m'galaja mukuzizira zala kuchita kuuma. Zonsezo mukuti ndi ziro?

Nambewe (Indianapolis):
Si ziro achimwene. Ntchito imeneyo ndi yomwe yapangitsa kuti muwononge 41,000 m'malo mwa ndalama yomwe shopu ikanakulipiritsani. Phindu lake munalandira kale pamenepo, komanso zaka zomwe mwakhala mukuyenda nayo. Ine ndimakumbukira tsiku lija munabwera nayo ku chinkhoswe, ana onse anathamangira panja. Koma wogula salipira zimenezo.

Ine ndimagwira ntchito ya manambala, ndiye ndifunse mbali yanga. Denga likufuna ndalama zingati, ndipo mukuzifuna liti? Chifukwa mtengo wa munthu woti angadikire chaka ndi wosiyana ndi wa munthu wofuna ndalama pofika Juni. Mwezi uliwonse ikakhala m'galaja mukulipira inshuwalansi, ndipo kumudzi mitengo ya malata ndi simenti siikudikirani. Tonse tinaona zomwe zinachitika Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ma koteshoni onse anasintha sabata yomweyo. Komanso malonda akakhalitsa pa intaneti amaola. Anthu amaona kuti aikidwa miyezi inayi yapitayo, mtengo watsitsidwa katatu, n'kumati pali chomwe chalakwika, tidikire atsitsenso.

Bambo a Tadala (Indiana):
Denga, mawindo ndi pulasitala zikufuna pafupifupi madola 45,000 malinga ndi momwe tawerengera. Ndikufuna amisiri ayambe mvula ikangosiya, mwina Meyi kapena Juni.

Makaniko wa ku Biwi:
Nanga osangoitumiza kuno bwanji? Anthu a ndalama alipo, ena amakonda zachilendo. Pa ukwati pokha ingamabwereke sabata iliyonse.

Wowongola bodi wa ku Germiston:
Ayi amakaniko, imeneyo ingakhale kuitaya. Kontena, msonkho wa MRA pa injini ya malita 6.2, chiwongolero cha kumanzere pa misewu yathu, mizere ya mafuta ija, ndiye sipeya iliyonse kuitanitsa kunja. Ogula ake angakhale anthu awiri kapena atatu dziko lonse, ndipo akudziwa kuti mulibe kolowera. Galimotoyi msika wake uli komwe ili.

Phiri wa ku Dallas:
Ndikugwirizana ndi a ku Germiston. Tsono tibwere pa kapezedwe ka nambala, kuti isakhale ya Phiri kapena ya mnyamata wathu wa ku Leeds, ikhale yanu yoti mungaiteteze pamaso pa wogula.

Musayang'ane mitengo yomwe anthu akupempha. Pa Marketplace ndi pa Hemmings aliyense amalemba maloto ake, ndipo galimoto yomwe mukuionabe pamenepo ndi yomwe sinagulidwe. Yang'anani zomwe zinagulidwadi. Bring a Trailer, okushoni ya pa intaneti, imasunga zotsatira zonse pamodzi ndi zithunzi ndi ndemanga za anthu. Mecum, kampani ya maokushoni, nayo ili ndi zotsatira pa tsamba lake. Classic.com imasonkhanitsa za maokushoni osiyanasiyana pamalo amodzi. Sakani ma Chevelle a 1970 mpaka 1972 a injini ya LS ogulitsidwa miyezi 12 kapena 18 yapitayi, koma dziwani kuti ya 1970 ya nyali zinayi kutsogolo imakondedwa kuposa ya 1971 ndi 1972 za nyali ziwiri, ndiye pamenepo muli ndi mwayi. Pezani 8 kapena 10. Tayani yodula kwambiri ndi yotchipa kwambiri. Zotsalazo tsegulani zithunzi za kunsi, muziyerekeza ndi yanu mosadzikondera: iyi ili ndi 12-bolt, yanga ilibe, iyi ili ndi eyakoni, iyi ndi otomatiki, yanga ndi manyuwale ya magiya 6, apa ndapambana ine. Werenganinso zomwe sizinafike pa reserve, mtengo wotsikitsitsa womwe wogulitsa angavomere, chifukwa zimakuuzani pomwe ogula anaimira.

Buku la mitengo la Hagerty limagawa magalimoto m'magulu anayi: 1 ndi ya pachionetsero yopanda banga, 2 ndi yabwino kwambiri, 3 ndi yabwino yoyendera, 4 ndi yoyenda koma yoonekeratu zofooka. Pafupifupi aliyense amaika galimoto yake gulu limodzi pamwamba pa pomwe ili. Ya penti ya zaka zingapo yokhala ndi matuza ndi 3. Manambala a Hagerty ndi a magalimoto osasinthidwa, ndiye musawatenge ngati mtengo wanu, koma onani kusiyana kwa Malibu ndi SS396 pa gulu lomwelo kuti mumvetse chifukwa chomwe mabaji amakopera anthu.

Chinanso, ngati muli ndi inshuwalansi ya agreed value, nambala yomwe munagwirizana ndi kampaniyo si mtengo wa msika. Ambiri amasokoneza pamenepa.

Mukandifunsa maganizo anga, ndisanaione kunsi: ndingailembe pakati pa 55,000 ndi 58,000, ndikuyembekeza kulandira cha m'ma 50,000. Dzimbiri likapezeka lalikulu, itsika. Awa ndi maganizo a munthu mmodzi, kawerengeni nokha.

Mnyamata wa ku Leeds:
Ndiye kuti akuluza 5,000 kuphatikiza zaka 7 za ntchito? Ine ndikanakhala iwo ndikanaika 12-bolt ndi eyakoni kaye, n'kupentanso kumbuyoko, kenako n'kupempha 70,000.

Wowongola bodi wa ku Germiston:
Mphwanga, penti yofiira ya zaka zingapo kuifananitsa ndi yatsopano si masewera, imakhala itasuluka ndi dzuwa. Ukayamba pa galasi umapezeka wapenta denga ndi mbali zonse zakumbuyo. Ndipo penti yatsopano pa galimoto yogulitsa imadzutsa mafunso, wogula amati mwabisa chiyani. Ine ndinganene kuti achotsetse galasi kwa munthu wodziwa, aone kukula kwake, atenge koteshoni yolembedwa. Likakhala laling'ono akonze ndipo ajambule zithunzi asanayambe, ali mkati ndi atamaliza. Likakhala lalikulu asiye, aonetse wogula koteshoniyo. Difu ndi eyakoni asakhudze, ndalama yomwe angaike pamenepo sibwera yonse, ndiye tabwereranso pa nkhani ya malisiti ija.

Nambewe (Indianapolis):
Komanso ndalama yoikira zimenezo ichokera kuti? Ku denga komweko.

Bambo a Tadala (Indiana):
Nanga za okushoni? Mecum imabwera ku Indianapolis mwezi wa Meyi, ku Indiana State Fairgrounds, si kutali ndi ine. Ndakhala ndikupitako kukaonera.

Phiri wa ku Dallas:
Ndi njira ndithu, ndipo ubwino wake ndi woti tsiku limadziwika. Koma werengani zonse. Pali ndalama yolowetsera galimoto, pali komishoni ya wogulitsa, ndipo wogula nayenso amalipira yake pamwamba, zomwe zikutanthauza kuti amaimika dzanja msanga. Nambala yomwe mumaiona pa zotsatira nthawi zambiri imakhala ndi ya wogula ija mkati, si yomwe mwini galimoto anapita nayo kunyumba. Afunseni mitengo yawo ya chaka chino musanasaine. Tsiku ndi ola lomwe galimoto yanu ikwere pa nsanja nazonso n'zofunika kwambiri, pakati pa magalimoto masauzande yanu ikhoza kudutsa holo ili theka. Mukaika reserve ndipo isafike, mwalipira zolowetsera n'kubwerera nayo. Mukapanda kuika, mwavomera chilichonse.

Pa Bring a Trailer wogulitsa amalipira ndalama yochepa yolembetsera, wogula ndiye amawonjezera 5 peresenti, ndipo malonda amakhala masiku 7. Koma kumeneko anthu a ndemanga saphonya kanthu. Adzafunsa za difu, za pomwe munadula pansi paja, za mawaya. Kwa inu zimenezo zingakhale zabwino, chifukwa munapanga nokha ndipo mungayankhe funso lililonse, pomwe ma dila ambiri amangoti sitikudziwa. Apa ndi pomwe Loweruka lanu lija lidzagwire ntchito. Jambulani faelo yonse ya malisiti, zithunzi za nthawi yomwe mumaika injini, kanema woiliza m'mawa ili yozizira, kanema mukuyendetsa n'kusintha magiya onse, ndi zithunzi zambiri za kunsi pa lifiti. Matuza aja muwajambule pafupi, muwatchule nokha.

Ine ndikanayamba ndi kugulitsa ndekha pa mtengo woona kumayambiriro a Epulo, chisanu chitatha, anthu atayamba kutulutsa magalimoto awo. Panopa kwanuko kuli chipale chofewa, palibe amene akuganiza zoyesa galimoto yotere pa msewu wa mchere. Chotsani malondawo lero. Milungu itatu ya Epulo ikadutsa opanda munthu wobwera kudzaiona, pitani ku okushoni ya pa intaneti.

Makaniko wa ku Biwi:
Ndipo wa 35,000 uja musamutaye nambala yake. Munthu amene watchula ndalama ali ndi ndalama. Kuno wogula akayamba pansi choncho timamuuza kuti bwerani mudzaione kaye, akailiza yekha mtima umasintha. Musamuuze mtengo wanu womaliza pa foni.

Bambo a Tadala (Indiana):
Ndabweranso patatha masiku anayi. Malonda aja ndinachotsa. Ndinachita zomwe munanena.

Maginito akugwira paliponse kupatula m'munsi mwa mbali yakumbuyo ya kumanja, pamalo ngati chikhatho, pamenepo pali fila. Buti ili bwino. Mnzanga wa galaja anandilola lifiti, chasisi ndi yolimba, dzimbiri la pamwamba chabe, ndajambula zithunzi zoposa 60. Galasi lakumbuyo tichotsa sabata yamawa. Ndinatulutsanso mpando wakumbuyo ndipo build sheet ndaipeza, yopanikizidwa m'mawaya a mpando, yong'ambika mbali imodzi koma ikuwerengeka. Palibe Z25 kapena Z15, monga tonse timadziwira. Zaka zonsezi ndimakhalira kapepala kameneka osadziwa.

Ndinakhala mausiku awiri pa zotsatira za maokushoni. Ndinapeza 9 zofanana ndi yanga. Zomwe zinapita pamwamba zonse zinali ndi chasisi kapena sasipenshoni yatsopano, eyakoni ndi mkati mwatsopano. Zofanana ndi yanga zenizeni zinali pafupi ndi pomwe a Phiri ananena. Ndaganiza zoilemba pa 56,500 mu Epulo, ngati Malibu ya LS3. Nambala yomwe sindingatsike kupitirira ndauza mayi a Tadala okha, ndipo ikukwanira denga.

Chomwe sindinaganizebe ndi mabaji a SS. Ndiwachotse kapena ndiwasiye?

Wowongola bodi wa ku Germiston:
Asiyeni. Mukachotsa mutsala ndi mabowo ndi penti yosiyana mtundu pomwe anali. Zonena zanu ndi kapepala mwapezako zikukwanira.

Phiri wa ku Dallas:
Asiyeni, ndipo build sheet muiike m'pulasitiki yolimba, musaimate ndi selotepi. Ijambuleni ikhale chithunzi chachitatu kapena chachinayi. Wogulitsa woonetsa yekha pepala lonena kuti galimoto yake si SS, ogula amamukhulupirira pa zina zonse. Ngati mabaji akale a Malibu mudakali nawo, aikeni m'bokosi apite ndi galimoto.

Mnyamata wa ku Leeds:
Ine ndikuonabe kuti 60,000 ikanatheka. Koma Bambo, isanapite mutijambulire kanema ikulira, foni muiike pafupi ndi ekizozi.

Bambo a Tadala (Indiana):
Kanemayo abwera misewu ikauma. Mabaji a Malibu alipo, ndinawasunga m'chitini cha mabawuti. Tadala wapempha kuti ndimuphunzitse giya ya manyuwale pa galimotoyi isanachoke, akuti anakula akundigwirira tochi m'galaja ndiye sangaione ikupita asanaiyendetsepo. Ndavomera, tipita pabwalo la sukulu Lamlungu lina kulibe anthu.

Phiri wa ku Dallas:
Muyambe mwajambula kanema wa malonda uja, kenako phunziro. Ndipo ayambire giya yoyamba osaponda mafuta, LS3 imanyamuka yokha akamasula kilatchi pang'onopang'ono. Galasi lija mukachotsa mutitumizire chithunzi a ku Germiston aone.